Mzere wa Phazi la Khwekhwe

Pa msomali wa kuseri kwa chitseko cha amalume pankakhala lamba wina amene munthu sakanatha kumuvala. Anali chidutswa cha ukonde wakale, chopindidwa kanayi, chosokedwa m'mbali ndi ulusi wokonzera maukonde. Uku ndi uku anamangirirako tizidutswa ta mapatapata akutha, tofiira, tobiriwira, tina tosadziwikanso mtundu wake, tija asodzi amaika kumtunda kwa ukonde kuti usamire. Lambayo ankanunkha nsomba ndi ubweya wonyowa. Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka imvi mbuu, ndaona zipangizo zonyezimira za mayina opinda lilime, koma ndikamva anthu akukamba zophunzitsa wodwala kuyendanso, chimene chimayamba kufika m'mutu mwanga ndi lamba ameneyu. Anali wa galu, ndipo galuyo poyamba sanali wathu.

Eni ake anali bambo ena aatali, ovala malaya oyera, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki kudoko. Tonse tinkangoti akalaliki. Ankakhala m'nyumba ya malata pamwamba pa chitunda, kutsidya kwa msewu kuchokera kwathu. Galu wawo tauni yonse inkamudziwa. M'mawa uliwonse ankatsika nawo limodzi n'kukagona pakhomo pa ofesi, ndipo sitima ikalira patali iyeyo ndiye ankayamba kuimirira, n'chifukwa chake onyamula katundu anamutcha Kapiteni. Akazi awo a akalaliki ndinkawadziwira nsapato. Kutchalitchi iwo ankakhala pabenchi lakutsogolo, ife ana pansi pa simenti, ndiye chimene ndinkaona Lamulungu lililonse chinali nsapato zawo zakuda, zokhala ndi kachitsulo kowala pambali. Nkhope yawo sindinaiyang'anitsitsepo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pa msinkhu umenewo anthu ndinkawayamba kumapazi.

Chaka chimenecho mvula itangosiya, kudoko kunabwera galimoto masana, akalaliki anakwezedwamo, ndipo sanabwerere. Zinali zaka zija zoti ukafunsa kumene mnzako wapita, mawa lake anthu ankafunsa za iwe. Patapita masiku ochepa akazi awo anakhoma nyumba n'kupita kwawo, kumudzi wina wa kumpoto kumene kunkafika sitima yokha. Ife ana anatiuza kuti akalaliki awasamutsa ntchito. Galu anatsala. Ndinamva kuti tsiku lonyamukalo anamufunafuna osamupeza, chifukwa anali atabisala kuseri kwa ofesi kudikira mbuye wake.

Kuyambira pamenepo palibe amene ankamupatsa chakudya. Sikuti anthu akwathu anali ouma mtima. Kuponyera galu ameneyo mutu wa nsomba pamaso pa anthu kunali kuulula kuti eni ake anali anzako, ndipo panalibe amene ankafuna kudziwika choncho. Omwe aja ankamuitana ndi dzina anayamba kuyang'ana kumbali akamadutsa. Iye anapitirizabe kutsika kudoko, nthiti zikuwerengeka, mpaka tsiku lina la sitima mgolo wa parafini unapulumuka pathabwa lotsitsira katundu n'kumupsinja m'chiuno.

Ndinamupeza patapita masiku awiri, ndikupita ndi dengu la chinangwa kokaviika. Anali pansi pa bwato lowola limene analivundikira pamchenga, atadzikokera yekha ndi miyendo yakutsogolo. Miyendo yakumbuyo inali itangogona kumbali ngati si yake, itasupuka, ntchentche zili ng'aa. Sankalira. Ndinagwada n'kumuitana ndi dzina, ndipo makutu okha ndiwo anaimirira. Chinangwa ndinachisiya pomwepo n'kuthamangira kwa amalume.

Amalume anali alongo awo a amayi, ndipo kunyumba tinkawaitana kuti asibweni. Anabwerako ku Joni ndi mwendo umodzi waufupi, mwala utawagwera mumgodi. Bambo anga anali adakali konko, moti pakhomo tinalipo atatu: amayi, amalume ndi ine. Poti kunyanja ndi anzawo sakanathanso kupita, ntchito yawo inali yosoka maukonde a anthu pansi pa mtengo wa mango. Anali munthu wosawononga mawu. Nditawauza, anamaliza kaye mfundo imene ankamanga, kenako anatenga chiguduli n'kunditsatira, akutsimphina.

Atafika anagwada movutikira, n'kugwira phazi lakumbuyo la galuyo, n'kumutsina mwamphamvu pakati pa zala. Ine ndinaona ngati ndi nkhanza. Galu anatembenuza mutu n'kuonetsa mano. Anatsinanso phazi linalo, ndipo patapita kanthawi mano anaonekanso. Amalume anaseka, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

"Wamva," anatero. "Mwendo wakumva sunafe. Wagona waka, kugona chabe."

Tinamunyamula pachiguduli, iwo kumutu ine kumiyendo, titamufunditsa ukonde. Sitinadzere kumsika. Tinazungulira njira ya m'zinangwa, yaitali ndi yokwera, ndipo ine ndinkadandaula njira yonse kuti akulu sadziwa kusankha njira.

Amayi anali akusefa ufa. Ataona chimene chinali pansi pa ukondewo, anaika sefa pansi pang'onopang'ono. Kenako anayankhula zambiri: kuti pakhomo pano si chipatala, kuti ntchentche za kumsika zonse zisamukira kwathu, kuti chinangwa chawo ndachisiya kuti. Atamaliza zofuula anakokera amalume kuseri kwa khitchini n'kuyamba zonong'ona, ndipo zimenezo n'zimene zinatenga nthawi yaitali. Atabwerako anaika malamulo awiri. Galu azikhala m'kachisakasa kosungiramo maukonde kuseri kwa nyumba. Lamulo lachiwiri anandiuza atandigwira chibwano kuti ndiwayang'ane.

"Dzina lija lisamvekenso pakhomo pano. Wapulika?"

Ndinamva, ngakhale sindinaone chifukwa chake. Ndinamutcha Khwekhwe, potengera phokoso limene ankachita akamadzikoka pansi.

Inali nyengo ya mwera. Mphepo inkayamba dzuwa likakwera pang'ono, nyanja n'kuchita thovu, mabwato ambiri ali kumtunda. M'mawa kunkazizira moti zala zinkakana kupinda, koma ntchito yathu inkayamba nthawi yomweyo, ndisanapite kusukulu. Tinkatsuka zilonda ndi madzi ofunda a mchere. Kenako amalume ankathowa m'chiuno ndi kansanza kotentha, n'kundionetsa kupinda ndi kuwongola mwendo uliwonse kamakumi awiri, mosathamanga, dzanja lina litagwira bondo. Ankati kuchipatala cha kumgodi kunali munthu wina amene ankawachita zomwezo tsiku ndi tsiku, iwo akumutukwana m'zilankhulo zinayi, ndipo kuti pakanapanda munthu ameneyo bwenzi akuyenda ndi matako.

Ndisaname, zambiri mwa ntchito imeneyo ndinkadana nazo. Khwekhwe ankadziipitsira pamene wagona, ndipo wochapa ziguduli ndinali ine. Tinkayenera kumutembenuza kangapo patsiku kuti asachite zilonda zatsopano. Fungo linkandikakamira m'manja mpaka m'kalasi, anzanga n'kumasuntha pabenchi. Anthu amakonda kukamba za chifundo ngati chinthu chofewa. Ine ndinachiphunzira chili ndi fungo, ndipo zaka zonse za m'mawodi sizinandisinthe maganizo.

Amayi sanamukhudzepo. Akamadutsa pafupi ndi kachisakasa ankatembenuzira nkhope kwina. Koma nyengo imeneyo dzanja lawo linayamba kulakwitsa muyeso. Tsiku lililonse kondowole ankatsala, ndipo ankandipatsa mbale akudandaula kuti aphikanso zambiri, ndikataye. Zokatayazo zinkakhala zofinyidwa bwino ndi msuzi, mitu ya usipa itasinjidwa kuti isabaye pakhosi. Ndinkadabwa kuti munthu wosamala ngati amayi wayamba bwanji kuwononga chakudya.

Zilonda zitauma, amalume anasoka lamba uja. Anayeza chiuno cha galu ndi chikhatho, anadula ukonde, n'kundituma kukatola mapatapata otayidwa m'mphepete mwa nyanja. Ankati mwendo woopa nthaka suopa madzi, chifukwa m'madzi mulibe chousenzetsa. Tsiku loyamba tinapita pafupi, pamene amayi a m'dera lathu ankaviika chinangwa, ndipo anatithamangitsa ndi mawu amene sindingawalembe. Anali ndi zifukwa zomveka. Ndani angafune kondowole wa fungo la galu? Tinasamukira kutali, kuseri kwa miyala ya cha ku Mwaya, kumene kunali kakhonde ka madzi odekha kosafikako mphepo.

Amalume ankalowa m'madzi mpaka m'chiuno atagwira chingwe cha lamba, ine n'kuima kutsogolo ndi kachidutswa ka nsomba youma, ndikuitana. Mapatapata ankayandamitsa chiuno. Miyendo yakutsogolo inkapalasa mwamantha, madzi n'kumathovukira m'maso mwanga, koma yakumbuyo inkangolendewera ngati nsalu yochapa. Tinachita zimenezo sabata yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Mano ankagundana ndi kuzizira. Anzanga ankasewera fulaye ine ndikunyamula galu wonyowa kukwera chitunda. Tsiku lina ndinawauza amalume kuti tikungotaya nthawi, ndipo anandifunsa, osandiyang'ana n'komwe, ngati ine ndinaphunzira kuyenda tsiku limodzi.

Choyamba kudzuka chinali mchira. Ndinabwera kuchokera kusukulu, ndinatsegula kachitseko, ndipo ndinamva kanthu kakugunda chiguduli kawiri. Ndinaganiza kuti ndi khoswe. Patapita masiku angapo, tili kumadzi, amalume anandiuza kuti ndimire ndikaone zimene zikuchitika pansi, chifukwa chingwe chinkawagwedeza mwachilendo. Madzi a kwathu ndi oyera, munthu umaona mwala uliwonse. Ndinamira maso ali otsegula, tinsomba tabuluu tikubalalika, ndipo ndinaona mwendo wakumanja ukudzipinda, n'kukankha, n'kudzipindanso. Kunali kukankha kofooka, koma palibe amene ankaugwira. Ndinafuula ndili m'madzi momwemo, ndinamwa madzi ambiri, n'kutuluka ndikutsokomola. Amalume anangogwedeza mutu, koma tsiku limenelo pobwerera ankaimba nyimbo ya kumgodi chapansipansi.

Zotsalazo zinabwera pang'onopang'ono. Mbale yake tinayamba kuiika pamwamba pa mwala kuti azidya ataimirira, ine nditamugwira m'mimba ndi chitenje. Chitenjecho chinali cha amayi. Anati chatha, sachifunanso, ngakhale ine sindinaone pong'ambika. Kenako tinayamba kumuyendetsa pabwalo la kuseri, chitenje chikunyamula theka la thupi lake, kenako chikungomukhudza. Mphepo ya mwera itayamba kuchepa, dzuwa likuyamba kuwawa, tsiku lina ndinasiya chitenje osamuuza. Anayenda mapazi asanu ngati munthu wochokera kumowa, n'kukhala pansi, n'kundiyang'ana modabwa.

Mwendo wakumanja unachira bwino. Wakumanzere unabwerera theka: phazi linkapindikira m'kati, moti ankalikoka chagada, zikhadabo zikukanda pansi. Kuti lisasupuke, amalume anamusokera kansapato ka chubu cha njinga. Choncho paliponse pamene wadutsa pankatsala mapazi atatu ndi mzere umodzi wautali pafumbi. Ine mzere umenewo ndinkaunyadira. Ndinkautsatira pabwalo ngati mmene mayi amatsatira mwana woyamba kuyenda.

Kunyada komweko n'kumene kunandilakwitsa kusukulu. Aphunzitsi athu a Chichewa anali munthu wa kwathu komweko, wolankhula Chitonga kunyumba ngati ife tonse, koma m'kalasi sankalola liwu lachitonga ngakhale limodzi. Anatipatsa chimangirizo chonena za chiweto cha pakhomo pathu. Ine ndinadzaza tsamba lonse mpaka m'mphepete. Ndinalemba za bwato lowola, za lamba, za mwendo wokankha m'madzi. Lamulo la amayi linali lakuti dzina lisamveke pakhomo, ndipo ndinaona kuti kope si pakhomo, ndiye ndinalembanso kuti kale galuyo anali wa akalaliki a pachitunda ndipo dzina lake linali Kapiteni. Pa nthawi yopuma aphunzitsi anandiitana ndekha. Anaika rula pakope langa, anang'amba tsambalo bwinobwino, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Anandiuza kuti ndilembe china chonena za mbuzi. Ndinawauza kuti kwathu kulibe mbuzi, ndipo anati ndiganizire ya aneba. Ndinalira kuseri kwa kalasi, ndikuganiza kuti Chichewa changa n'choipa kwambiri moti sichiyenera n'kuchongedwa komwe.

Koma vuto lalikulu analibweretsa Khwekhwe mwini wake. Miyezi itatu tinavutika kuti ayende, osadzifunsa kuti akadzayenda adzapita kuti. Atangopeza mphamvu zokwera chitunda, anatuluka pabwalo, anawoloka msewu, n'kukwera mpaka kunyumba yokhoma ija. Anagona pakhonde m'mawa wonse, mphuno ili pansi pa chitseko, ndipo masana anabwerera kwathu kudzadya. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi. Inali nyengo ya fumbi, fumbi lofiira losalala lija, ndipo mzere wa phazi lake unkaoneka bwino kuyambira pakhomo pathu mpaka pakhomo pa akalaliki, wina wopita wina wobwerera. Ali wolumala anali wobisika. Titamuchiritsa, anayamba kuonetsa aliyense wodutsa mumsewu kuti galu wa nyumba ija akudya kwa yani.

Amalume anamumanga. Galuyo anatafuna chingwe. Anamumanganso ndi chingwe chokhuthala, ndipo analira tsiku lonse ndi mawu omveka mpaka kumsewu, zimene zinali zoipa koposa. Komanso atakhala pachingwe masiku atatu mwendo wakumanzere unayambanso kuuma. Amalume anamumasula, akunena kuti mwendo womangidwa ubwerera kukagona.

Apa m'pamene amayi anayamba kusesa modabwitsa. Kale tsache lawo linkathera pamtengo wa mango. Tsopano linkapitirira, kutsata kanjira mpaka kumsewu, kuwoloka, n'kukwera ndithu chitunda, m'mawa galu akangopita ndi masana akangobwerera. Azimayi anzawo ankawaseka, kuwafunsa ngati alembedwa ntchito yosesa tauni. Amayi ankaseka nawo, n'kunena kuti masamba a mango akuuluka kwambiri chaka chino. Ine ndinkachita manyazi. Ndinkaona ngati akudzionetsera ukhondo, ndiponso zinkandipweteka kuti akufafaniza mzere wa galu wanga.

Loweruka lina masana aphunzitsi anabwera kwathu. Anakhala pampando pansi pa mango, anafunsa za maukonde, za bambo ku Joni, za kutentha. Kenako anatulutsa kapepala kopindidwa kanayi n'kupatsa amayi. Amayi anawerenga ataimirira, analowa m'khitchini, ndipo ndinamva fungo la pepala likupsa. Ananditumiza kukatunga madzi, koma ndinangozungulira nyumba n'kukhala kuseri kwa kachisakasa, chidebe chili pamiyendo.

"Mwana walemba bwino, palibe ndi pamodzi pomwe polakwika," anatero aphunzitsi. "Pepala ndang'amba. Koma njira ija, ama, simungaisese mpaka kalekale. Ena ayamba kale kufunsa."

Kenako anawonjezera motsitsa mawu kuti iwo sakonda kunena zotere, koma nyanja ndi yakuya ndipo miyala ilipo yambiri. Za kufunsa kwa anthu sindinazimvetse, koma za mwala ndinazimva bwino lomwe. Mwana aliyense wa kunyanja ankadziwa zimene zinkachitikira tiana ta agalu tosafunidwa. Ndinagwira Khwekhwe pakhosi kudzera m'mipata ya kachisakasa. Anayankha ndi amayi, amene anali asanamukhudzepo ngakhale ndi chala.

"Ndiye tamuchiritsira kuti timuphe? Awa, asambizi. Tipatseni masabata awiri."

Aphunzitsi aja ndinawada kwa zaka zambiri. Lero ndikuona kuti anayenda ndi pepala limenelo m'thumba sabata yathunthu, ndipo likanapezeka pa iwo bwenzi ofunsidwa ali iwowo. Sindinawathokozepo, ndipo anamwalira ndisanazindikire kuti ndiyenera kutero.

Tsiku la sitima lotsatira amayi anapita kudoko opanda chogulitsa, ndipo ndinawaona akuyankhula nthawi yaitali ndi mayi wina wogulitsa ufa amene ankakwera kupita kumpoto. Masabata awiri amenewo ntchito yanga inali yotopetsa galu. Tinkamusambitsa m'mawa ndi masana, kutali ndithu, tsopano wopanda lamba chifukwa ankasambira yekha, kuti akafika kunyumba angogona osaganiza za chitunda. Masiku ena zinkatheka. Masiku ena ankazemba, ndipo amayi ankatenga tsache.

Kenako anandiuza kuti Khwekhwe wapeza kwawo kwatsopano, kwa mayi wina wa kumudzi amene amakhala yekha ndipo anyani akumuthera chinangwa. Ndinakana. Ndinati galu wa miyendo itatu ndi theka sangathamangitse nyani, ndinati ndidzamumanga ndekha, ndinati sindidyanso. Amayi anandisiya ndinene zonse, kenako anati ndikasambe, sitima siidikira munthu.

Anatulutsa dengu lalikulu lonyamulira chinangwa, anayalamo chiguduli, n'kuwerama, n'kumunyamula Khwekhwe ndi manja awo, dzanja lina pachifuwa lina pansi pa chiuno, ndendende mmene amalume ankachitira. Apa ndinadziwa kuti masiku onse aja ankaonerera. Anavundikira dengu ndi chitenje n'kulisenza pamutu. Tinatsika atatu, amayi patsogolo, ine pakati ndikufwenthera, amalume pambuyo.

Kudoko kunali piringupiringu wa tsiku la sitima: matumba a ufa, mitolo ya nsomba zouma, nkhuku zomangidwa miyendo, fungo la dizilo ndi nthochi zakupsa. Amayi sanapite kumene kunali anthu ambiri. Anakhotera kuseri kwa mulu wa matumba, kumene kunakhala mayi wina woonda, atatambasula miyendo pansi, duku litatsika mpaka m'maso. Ndinamuyang'ana kumapazi. Analibe nsapato, zidendene zinali zong'ambikang'ambika, zoyera ndi fumbi. Amayi anapereka moni wa anthu osadziwana, "Mwe uli, ama?" ndipo mayiyo anayankha chapansipansi kuti ali bwino.

Dengu lisanafike n'komwe pansi linayamba kugwedezeka. Chitenje chinatukuka, Khwekhwe anagubuduka n'kugwa chammbali, anadzuka, n'kudziponya pamiyendo pa mayi uja. Analira ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo miyezi yonse ija, mawu ang'onoang'ono ngati a kamwana ka galu, thupi lonse likunjenjemera, mpaka anadzikodzera. Mayiyo anamugwira kukamwa ndi manja awiri kuti asamveke, anaweramira pakhutu lake n'kunena kanthu kamene ine sindinakamve. Mchira unkamenya matumba.

Amalume anagwada pambali pawo. Anapereka tinsapato tiwiri ta chubu timene anasoka tapadera, n'kufotokoza za kupinda mwendo kamakumi awiri m'mawa uliwonse, ndi kuti azimulola kusambira. Anatenga phazi lopindika lija n'kuwaonetsa pogwira. Mayiyo ankangogwedeza mutu, akusisita mwendowo ndi chala. Za lamba amalume anati n'zosafunikanso, n'chifukwa chake anatsala kwathu pamsomali paja.

"Tawonga," anatero mayi uja, osadzutsa nkhope. "Tawonga ukongwa."

Amayi anati palibe kanthu, galuyo ankangowathera chakudya. Sitima inalira. Makutu a Khwekhwe anaimirira ngati kale. Anamubwezera m'dengu, mayiyo analisenza, n'kulowa m'chigulu cha anthu okwera. Ndinadikira kuti mwina atulutsa mutu andiyang'ane. Sanatero.

Ndinakwiya kwambiri. Miyezi itatu ndi theka ndinachapa zonyansa zake, ndinazizidwa m'madzi, ndinasekedwa m'kalasi, ndipo ine sanandilirirepo choncho ngakhale tsiku limodzi. Koma mlendo wopanda nsapato, wongomuona kumene, anamupatsa mtima wonse. Pokwera chitunda ndinanena mokweza kuti ndi galu wosayamika, ndipo bola wapita. Amalume anakhosomola. Amayi anali patsogolo opanda dengu, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo anati ufa wa m'matumba aja wawalowa m'maso. Mawa lake tsache lawo linathera pamtengo wa mango.

Akalaliki sanabwererenso ku Nkhata Bay, ndipo m'nyumba muja munadzalowa anthu ena. Za galu tinkamva mwa apo ndi apo kudzera kwa mayi wogulitsa ufa uja: kuti wanenepa, kuti amasambira yekha m'mawa, kuti anyani samuopa ngakhale pang'ono. Ine ndinkanamizira kusamva. Ndinali nditayamba kale ntchito pamene amayi, tikusenda chinangwa tsiku lina, anatchula mongodutsa kuti mayi wa kudoko uja anagulitsa nsapato zake zakuda mwezi woyamba womwe amuna ake atatengedwa. Mpeni unaima m'manja mwanga. Amayi anandiyang'ana modabwa. Zaka zonsezo ankaganiza kuti ndinawazindikira.

Sindinawazindikire. Ndinayang'ana kumapazi monga mwa chizolowezi changa, sindinaone kachitsulo kowala, ndipo ndinaweruza kuti ndi mlendo. Khwekhwe anawadziwa ali m'dengu, chitenje chili kumaso. Tsiku limenelo ine ndinkangodziwa kuti andilanda galu n'kumupereka kwa munthu wosamudziwa, ndipo njira yonse yokwera kwathu ndinkalephera kumvetsa chifukwa chake amene ankalira anali amayi, omwe aja ankadana naye.